Malembo odyedwa: kodi mwana angaphunzire kalembedwe ndi mandasi?

Mayi a Tadala: Moni nonse. Ndili ndi funso kwa aphunzitsi ndi makolo anzanga. Mwana wanga ali Sitandade 2. Kuwerenga akuwerenga bwino, koma pa lembetso ndiye pali ntchito. M'kope mwake mwadzaza "nkuku", "pala", "tumba", "ntochi". H uja sakumuwerengera n'komwe. Mnzanga wa kuntchito akuti kunja kuli mabisiketi ndi pasta zooneka ngati malembo, mwana amalumikiza mawu kenako n'kudya. Alipo anayesapo? Zimathandizadi kapena n'kungotaya ndalama?

Bambo a Yami: Kwathu kuno mawuwo sangafike pothera. Mudzangomva "adadi, A wasowa", m'kamwa muli tho 😂

Chikondi (Leeds): Zilipodi, mayi. Kuno kuli spaghetti wa m'chitini wa kampani ya Heinz amene amamutcha Alphabetti, komanso pasta youma ya malembo yophikira mu supu. Nzeruyi si yatsopano. Ku England kuno zaka mazana angapo zapitazo ana ankawaphikira mkate wotsekemera wa jinja wosindikizidwa malembo, mwana akatchula lembo n'kulidya. Ku Netherlands mpaka lero pa chikondwerero cha Sinterklaas, kumayambiriro kwa Disembala, anthu amapatsana chokoleti choumbidwa ngati lembo loyamba la dzina lawo.

Koma musatumize munthu kuti akugulireni. Za m'chitinizo n'zofewa, zasambira mu tomato, ukangogwira zaphwanyika. Pasta youmayo ndi ting'onoting'ono, mwana amathera nthawi kusakasaka. Ndipo zonsezi anazipangira Chingerezi. Ndinaziona bwino ndi Scrabble, masewera olumikiza malembo kupanga mawu: mu bokosi la Chingerezi muli E okwana 12, koma K ndi mmodzi yekha, Z mmodzi, M awiri, H awiri. "Nkhuku" akufuna K awiri, ndiye kuti mwagwa kale. Pamene Q ndi X, amene ife sitiwagwiritsa ntchito, ali phee kukudikirani.

Madamu Nyirenda: Mayi a Tadala, choyamba mtima pansi. Zimene akuchita mwana wanuzo ndimaziona chaka ndi chaka, ndipo si umbuli. Mwanayo akulemba zimene akuganiza kuti akumva. P ndi ph m'khutu mwake zikumveka zofanana chifukwa palibe anamuonetsa pamene zasiyanira. Ndiye musanafike pa malembo, yambani ndi mpweya.

Tapani ufa pang'ono, muike pa chikhatho chake, ayandikize pakamwa. Anene "pala". Ufa ukhala chete. Anene "phala". Ufa uuluka. Achite chimodzimodzi ndi "ponya" ndi "phonya", "kola" ndi "khola". Mumuuze kuti pamene ufa wauluka, pamenepo pali h. Ana amaseka kwambiri chifukwa mphuno zimayera, koma akatero saiwala. Akafika pa lembetso mudzaona akuika dzanja pakamwa mwakachetechete kuti amve ngati mpweya watuluka.

Mayi a Tadala: Eee, izi ndiye ndiyesa madzulo ano. Ufa woyera kapena mgaiwa?

Madamu Nyirenda: Woyera umauluka msanga. Pang'ono chabe, asakapume n'kutsamwa.

aMbewe (opuma): Ndawerenga zonse. Ine ndaphunzitsa ana mpaka kupuma, ndipo ndinene mosabisa kuti nkhani ya kuseweretsa chakudya siindisangalatsa. Tinakula tikuuzidwa kuti chakudya sichiseweretsedwa. Mwana akagwetsa mbamu ya nsima ankadzudzulidwa. Lero tikufuna timuphunzitse kuti chakudya ndi chidole? Ife tinkalemba ndi chala pamchenga, a e i o u, ba be bi bo bu, mpaka dzuwa kuswa mtengo, ndipo tinadziwa kulemba. Ana a masiku ano chimene chikuwasowa ndi kubwereza, osati mabisiketi.

Bambo a Yami: Bambo Mbewe, mchengawo ku Ndirande kuno tiutenga kuti? Pakhomo pathu ndi simenti ndi ngalande basi.

aMbewe (opuma): Makala mulinawo. Simenti ndi bolodi labwino kuposa mchenga.

Madamu Nyirenda: Bambo Mbewe, pa kubwereza ndikugwirizana nanu kotheratu. Chakudyacho pachokha sichiphunzitsa kanthu. Chimene chimaphunzitsa ndi chakuti mwana wagwira lembo ndi dzanja, walisuntha, walitchula, waona mawu akusintha pamaso pake. Zimenezi dongo limachitanso, zitsekerero za mabotolo zimachitanso. Ine m'kalasi mwanga muli ana oposa 100, ndingawaphikire mandasi? Ndimagwiritsa makatoni ndi zitsekerero, TALULAR imene tinaphunzira ku koleji ija, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo.

Koma pali malo amodzi pamene kudya kumaposa dongo, ndipo ndi pomwe pali vuto la mwana wa mayiwa. M'Chichewa muli mayina ambiri amene tikawachulukitsa, lembo limodzi limachoka. Phiri, mapiri. Thumba, matumba. Khasu, makasu. H wapita kuti? Ndiye masewera ake ndi awa. Mwana ayale "thumba" pa mbale. Inu mumupatse "ma" kuti aike kutsogolo. Awerenge mokweza: "mathumba". Mumufunse, timatero kodi? Iye yekha adzakana. Ndiye mumuuze kuti pali lembo limodzi lofunika kudyedwa kuti mawuwa akhale bwino, alipeze. Akalipeza adye. Chimene chatsala pa mbale ndi "matumba", mawu olondola.

Apa kudyako si malipiro ayi, ndi lamulo lenilenilo la kalembedwe. Ndipo kuti adye h pochulukitsa, ayenera kuyamba wamuika mu "thumba". Mwana amene ankaiwala h amayamba kumusamala chifukwa akudziwa kuti ndi amene adyedwe.

Chikondi (Leeds): Madamu, izi ndiye nzeru. M'masitolo a kuno simungazipeze.

Madamu Nyirenda: Ziwalo za thupi zimakoma kwambiri chifukwa mwana amazigwira akamatchula. Khutu, makutu. Phazi, mapazi. Phewa, mapewa. Khosi, makosi. Thupi lomwelo, matupi.

Bambo a Yami: Pali chiwalo china cha th chimene mwachisiya dala, madamu.

Madamu Nyirenda: Chimenecho ana amachipeza okha, sipafunika mphunzitsi 😂

aMbewe (opuma): Ngati mwalimbikira, ndiye muchite zolondola. Si h yekha amene amachoka. Dzira, mazira: wachoka ndi d. Tsamba, masamba, tsiku, masiku: wachoka ndi t. Tchimo, machimo: t yemweyo. Dzungu, maungu: achoka awiri, d ndi z. Diso ndi maso, dzino ndi mano, dzanja ndi manja, amenewa asiyeni kaye, mwana wa Sitandade 2 angasokonezeke.

Ndipo muchenjere. Lamuloli silikhudza mayina onse. Phunziro timati maphunziro, osati "mapunziro". Khalidwe, makhalidwe. Phatikizo, maphatikizo. Mayina amenewa achokera ku aneni amene ali kale ndi h, kuphunzira, kukhala, kuphatikiza, ndiye h amakhalabe. Mukapanda kusamala mwana adzadya h aliyense amene wamuona.

Madamu Nyirenda: Zikomo bambo. Amenewo ndimawasunga ngati msampha wa kumapeto. Mwana akazolowera kudya, ndimamupatsa "phunziro". Dzanja limapita kale pa h, ndiye ndimati werenga kaye. Akawerenga "mapunziro" amabweza dzanja yekha.

Mayi a Tadala: Bambo Mbewe, ndiye kuti mwalola?

aMbewe (opuma): Sindinalole. Ndangokonza kuti musasocheretse ana.

Bambo a Yami: Ndikupatsa foni mayi a kunyumba, iwo ndiwo eni mandasi.

Bambo a Yami: Muli bwanji nonse, ndine mayi ake a Yami. Ndimakazinga mandasi ogulitsa. Amene mukufuna kuumba malembo ndi ufa wa mandasi, dziwani kuti ufa wa yisiti umafufuma mu mafuta. Mukaumba a ndi o, zonse zituluka zofanana, kabowo katsekeka. E amasanduka mpira. Ndiye ufa wake ukhale wolimba, yisiti pang'ono kwambiri kapena osaika, ngati mukukanda wa samusa. Muupsinje ndi botolo ukhale wopyapyala, mudule timagawo ta makona anayi ngati bokosi la machesi. Lembolo musaliumbe, mulilembe pa kagawoko ndi nsonga ya mpeni, mozama ndithu koma osaboola. Kenako musakazinge, muphike ngati chigumu: mu poto wopaka mafuta, makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Mzere uja umatseguka n'kuoneka bwino. Mukafuna uoneke kwambiri, pakani madzi a shuga ndi kamtengo mu mzeremo musanaphike, umatuluka wofiirira.

Zikazizira zimalimba ngati bisiketi, mwana akhoza kuzisuntha osaphwanyika.

Mayi a Tadala: Mayi a Yami mwatithandiza. Ndiye ndipange malembo onse, A mpaka Z?

Madamu Nyirenda: Ayi mayi, mutopa pachabe. Chichewa chimayenda ndi maphatikizo. Ngakhale mu National Reading Programme, imene inayamba m'sukulu za boma mu 2016, mwana amachoka pa liwu, kupita pa lembo, pa phatikizo, kenako mawu. Ndiye sankhani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a tsikulo, mupange zokhazo. "Ma" akhale kagawo kamodzi. "Mba" kamodzi. Lembo lokhalo limene mukulimbana nalo ndilo likhale palokha. "Thumba" ndi t, h, u, mba. Basi.

Za "nkuku" ndi "ntochi" njira yake ndi ina. Pamenepo h sachoka, ndiye musamulekanitse. M'mawu a Chichewa n akatsogolera k kapena t, kawirikawiri h amakhalapo: nkhuku, nkhuni, nkhani, nthochi, nthawi, nthenda. Ndiye "nkh" alembedwe pa kagawo kamodzi, "nth" kamodzi, kuti diso la mwana lizolowere kuwaona atatuwo ali limodzi. Pamene mungaone n ndi k popanda h ndi pamene pali nkhodolero pakati, monga "n'kupita", kapena pa "nka" wonena zakale, monga "tinkalemba", ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

aMbewe (opuma): Pa m ndiye pamafunika khutu, chifukwa zonse ziwiri zilipo. Mpasa ndi nsomba, mphasa ndi yogonapo. Mlendo mukamulembera kuti mwamukonzera mphasa ya nkhomaliro sabwera.

Mayi Gondwe (zaumoyo): Pepani ndilowererepo ndi mbali yanga, chifukwa ndikudziwa kuti ena akawerenga izi athamangira chimanga ndi nyemba kuti ayale malembo.

Mbewu yogula ija, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala. Imaoneka yokongola, ana amaikonda, koma ndi poizoni. Isayandikire masewera amene mwana wauzidwa kuti akhoza kudya. Chimodzimodzi chimanga cha m'thumba chimene mwathira mankhwala a anankafumbwe. Nyemba zosaphika nazo sizidyedwa, zimapweteka m'mimba. Mtedza, chimanga chokazinga ndi mbuluuli musapatse mwana wosakwana zaka 5, amatsamwa nazo, ndipo amakonda kuzilowetsa m'mphuno ndi m'makutu. Kumbukirani kuti wamkulu akamasewera, wamng'ono amakhala akukwawa pompo. Mtedza wachuku, wofota kapena wowawa tayani.

Ndipo chakudya ichi chigwiridwa kambirimbiri chisanalowe m'kamwa. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Kusamba m'manja ndi sopo musanayambe, ndipo malembo ayalidwe pa mbale kapena thireyi yotsuka. Osati pa mkeka, osati pa kope.

Mayi a Tadala: Zoona mayi. Wanga wamng'ono ali ndi zaka ziwiri, chilichonse n'cha m'kamwa.

Mayi Gondwe (zaumoyo): China ndi shuga. Masiwiti ndi mabisiketi tsiku ndi tsiku mano aola. Ine ndikanakonda mbatata, makamaka yofiira m'kati ija imene ili ndi vitamini A. Muiphike isafewetse, muidule mozungulira ngati ndalama, mulembe ndi nsonga ya mpeni. Ndi kadzutsa yemwe akanadya kale, simunaonjezere ndalama iliyonse. Chinangwa chophika chimathekanso koma chimanyenyeka.

Madamu Nyirenda: Ndipo mayina a mitundu ya mbatatayo ndi lembetso kale: Kaphulira, Mathuthu, Zondeni, Kadyaubwerere. Wa Sitandade 4 akalemba Kadyaubwerere osalakwitsa, ameneyo wakhoza.

Achimwene a ku Phalombe: Ndakhala chete ndikuwerenga. Zabwino zonsezi, koma tiyeni tinene zoona. Ena a ife kuno chakudya cha kamodzi pa tsiku chimavuta. Namondwe Freddy anatikokolola mu 2023, chaka chotsatira ng'amba, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi. Ana ambiri amapita kusukulu chifukwa cha phala. Mukamakamba za ufa wa tirigu wolembapo malembo, ife timangoona ngati nkhani ya m'tauni. Mwana wanjala mukamuikira mbatata patsogolo n'kumuuza kuti ayambe walemba "makasu", ndi chilango chimenecho, si masewera.

aMbewe (opuma): Mwanena zimene ndimafuna kunena, achimwene.

Madamu Nyirenda: Achimwene, palibe chotsutsa. Ndipo mfundo yanu yomalizayo ikhudza ndi a m'tauni omwe. Mwana asasewere izi ali ndi njala, ndipo chakudya chisakhale cha okhoza okha. Ndaonapo makolo akuchita mpikisano: wakhoza adya, walakwa ayang'ana. Pakhomo pali ana awiri, wina wachangu wina wochedwa. Wachangu amaliza mbale yonse, wochedwayo waphunzira chinthu chimodzi chokha, choti kulemba kumamumanitsa chakudya. Mawa mukatulutsa kope athawa. Masewera akatha, zonse zotsala pa mbale agawane mofanana, wokhoza ndi wolakwa yemwe.

Kwa inu amene ufa wa tirigu palibe, masewera a h aja amatheka ndi dongo kapena katoni, mwana m'malo modya amaponya lembolo mu chitini. Sizikoma mofanana koma zimagwira. Pali inanso yosaononga kanthu: ufa womwe mukufuna kuphikira nsima muuthire mu lichero, muusalaze, mwana wosamba m'manja alembe ndi chala. Walakwitsa, mwagwedeza lichero, zafufutika. Madzi akawira ufa womwewo ulowa mu mphika.

Achimwene a ku Phalombe: Ya lichero ndiye ingatheke. Mayi ake akalola.

aMbewe (opuma): Ndi mchenga womwe ndimanena uja, mwangousintha mtundu.

aZulu (Chipata): Muli bwanji abale a ku Malawi. Ine ndikutsatira bwino, koma mukatitumizira malembo anuwo ana athu alephera mayeso. Kuno m'mabuku a Cinyanja tilemba c yekha pamene inu mulemba ch: cimanga, cakudya, cinthu. Ndipo pamene inu mulemba tch ife tilemba ch. Inu "ntchito", ife "nchito". Ndiye h amene mumuteteza kwambiriyo, kuno ena mwa iwo tinadya kale.

aMbewe (opuma): Bambo Zulu, kalembedwe kanuko ndi kamene kanali kuno kale. Mabuku akale a kuno mudzapeza "cinthu" ndi "nchito" momwemo. Chiyankhulochi chinayamba kutchedwa Chichewa kuno mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board litatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi pamene ch ndi tch zinakhazikika. Malamulowo anaunikidwanso mu 1980 ndi 1990. Masiku ano ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Ndiye kwa mwana wa ku Malawi c asakhale payekha pa mbale. "Ch" akhale kagawo kamodzi, chifukwa kuno c sayenda yekha.

aZulu (Chipata): Ndiye masewera a khasu ndi makasu ndi amodzi konsekonse. Amenewo nditenga.

Mayi a Chifundo: Pepani ndabwera mochedwa. Wanga vuto lake si h, ndi l ndi r. Amalemba "kurima", "mbili", "mbare". Pali chodya cha zimenezi?

aMbewe (opuma): Lamulo lake ndi lalifupi. Pambuyo pa e ndi i timalemba r. Pambuyo pa a, o, u, komanso poyamba pa mawu, timalemba l. Mbiri, bere, mchere, ndiwo za r. Mbale, khola, kulima, ndiwo za l. "Kulira" ali ndi zonse ziwiri, ndiye ndi mawu abwino oyambira. Mwana asadalire khutu pamenepa, chifukwa polankhula ambiri sitisiyanitsa. Ayang'ane lembo la liwu limene lili kumbuyo.

Madamu Nyirenda: Mayi a Chifundo, apa musadye kanthu, mutembenuze. Kagawo kamodzi, mbali ina l, mbali ina r. Yalani "mba", mpata, "e". Mwana ayang'ane kumbuyo kwa mpatawo, aone a, atembenuzire ku l. Kenako sinthani "mba" muike "mche". Ayang'anenso, aone e, atembenuzire ku r. Mbale yasanduka mchere. Chifukwa l ndi r ali pa chinthu chimodzi, mwana amamvetsa kuti ndi liwu limodzi lovala malaya awiri.

Bambo a Yami: Nanga Lilongwe? L wachiwiriyo ali pambuyo pa i. Tizilemba Lirongwe?

aMbewe (opuma): Ndimayembekezera funso limeneli kwa inu. L akakhala poyambira tsinde la mawu sasintha ngakhale kutsogolo kubwere chi, li, ti kapena ndi. Kulanga, chilango. Kulemba, chilembo, ndilemba. Ndili, tili, chimodzimodzi. Mayina a malo ndi a anthu musawaike m'masewerawa, analembedwa kalekale aliyense ndi njira yake. Muli Chilembwe, mulinso Chiradzulu, ndipo onsewo sitingawakonze.

Chikondi (Leeds): Madamu, ndaganiza za Chingerezi. Ana anga amavutika ndi malembo osamveka, k wa "knife", b wa "lamb", w wa "write". Ndingawauze kuti adye lembo limene silikumveka?

Madamu Nyirenda: Imeneyo ayi, Chikondi. Taganiza chimene chitsale pa mbale. Akadya k, diso lake liona "nife", ndipo ndi chithunzi chomaliza chimene apite nacho kogona. Wamuphunzitsa kulakwitsa komwe umafuna kuthetsa. Lembo lidyedwe pokhapokha ngati zotsalazo ndi mawu olondola. M'Chingerezi malo otero alipo ambiri. "Make" akalandira "ing", e achoka, "making". "Come", "coming". "Write", "writing". "Baby" akachuluka y achoka, pabwera "ies". "Leaf", f achoka, pabwera "ves". Pamenepo adye. Za malembo osamvekawo chita mosemphanitsa: yala "nife" iweyo, iye apeze chimene chasowa aikepo.

Chikondi (Leeds): Zamveka. "Makeing" ndi matenda a m'nyumba muno, tiyambira pamenepo.

Mayi a Chifundo: Nanga ng'? Wanga amalemba "ngombe" nthawi zonse.

Madamu Nyirenda: Nkhodolero ndi yaing'ono, n'chifukwa chake ana amaiona ngati kadontho kongogwera. Muipatse thupi. Theka la mtedza wokazinga limakwana bwino, kwa ana okulirapo monga anenera Mayi Gondwe, kapena kachidutswa ka nthochi. Yalani "ng'oma" ndi mtedza wake pamwamba. Atchule, aimbe patebulo. Adye mtedzawo. Zatsala "ngoma", nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana ija, ndipo katchulidwe kasintha, g wayamba kumveka. Onsewo ndi mawu enieni, ndiye palibe cholakwika chatsala pa mbale. Akamva kusiyanako, mubwerere ku ng'ombe, ng'ona, pang'ono, ndipo pamenepo mtedza sudyedwa mpaka mawu atawerengedwa n'kuchotsedwa.

Mayi Gondwe (zaumoyo): Ndipo ngati mwana amatupa kapena kutuluka ziwengo akadya mtedza, musayese n'komwe.

Mayi a Chifundo: Funso lomaliza kwa bambo Mbewe. Kusukulu akulemba "mawu", koma Baibulo la agogo ake lalemba "mau". Mwana wandifunsa cholondola, ndasowa poyankha.

aMbewe (opuma): Buku Lopatulika limenelo linatuluka mu 1922, malamulo a lerowa kulibe, n'chifukwa chake muli "mau". Silinalakwe, ndi kalembedwe ka nthawi yake. Koma wochonga mayeso amatsata za lero: mawu, mayi. Mumuuze kuti powerenga kutchalitchi awerenge zimene zalembedwa, polemba m'kope aike w.

Achimwene a ku Phalombe: Madamu, chonde mundilembere mawu a sabata yoyamba mu uthenga umodzi. Foni yangayi ikadzaza imafufuta zakale, ndipo bandulo yatsala pang'ono.

Madamu Nyirenda: Yambani ndi ufa pa chikhatho: pala ndi phala, ponya ndi phonya, kola ndi khola. Akamva mpweyawo mupite ku khutu, phazi, phewa, khosi, thumba, khasu, phiri, awiri kapena atatu pa tsiku, osapitirira mphindi khumi. Lachisanu muwerengereni mawu omwewo alembe m'kope popanda choonera, chifukwa lembetso la kusukulu ndi la pensulo. Akakhoza, sabata inayo mulowe dzira, tsamba ndi tsiku. Phunziro ndi khalidwe musungire sabata yachitatu.